Madzi Amene Sindinawatungire Amalume

Dzulo tinachita sadaka ya arubaini ya amalume anga a Jafali, poti patha masiku makumi anayi chiwaikireni m'manda. Tinaphika mpunga miphika iwiri, koma wachiwiriwo palibe anaukhudza. Kuno kunyanja chakudya cha sadaka sichitsala. Ngakhale womwalirayo akhale woti ankadana ndi mudzi wonse, anthu amabwera, amadya, amapukuta pakamwa, kenaka n'kumakamunena kunjira. Koma kwa amalume anthu anaopa ndi mpunga womwe.

Tsiku la maliro zinali chimodzimodzi. Ife amayi sitipita kumanda, ndiye ndinaima pakhonde n'kumayang'ana jeneza, chonyamulira maliro chija, likutuluka. Mwambo wathu ndi woti amuna amalandirana ponyamula, uyu akayenda nalo pang'ono wina alowe m'malo, kuti aliyense apezepo madalitso. Amene ananyamuka nalo pakhomo ndi omwewo anakafika nalo kumanda. Ndinawawerenga, anali asanu ndi awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali shehe wathu wa miyendo yovutayo. Mudzi unkati amalume ndi mfiti. Unanena choncho zaka zisanu ndi zinayi, pamene ine ndinali ndi mpata wothetsa bodzalo m'mawa wina, koma sindinasunthe phazi.

A Jafali anali alongo awo a malemu amayi anga. Anagwira ntchito zaka zambiri pasukulu ina ya sekondale ku boma, osati yauphunzitsi ayi, koma ya mu labu, chipinda chija ana amayeseramo za sayansi. Ankatsuka mabotolo, kuyala zida patebulo ndi kusesa magalasi amene ana aswa. Eni ake ankanena kuti maphunziro awo onse anawatola ali chiimire kumbuyo kwa kalasi, tsache lili m'manja, ndipo kuti phunziro lomwelo ukalimva chaka ndi chaka, ngakhale mwala ungakhoze mayeso. Atapuma anabwerera kuno ndi njinga, beseni loyera lachitsulo ndi chikhoti choyera cha kuntchito, chimene pofika pomwalira chinali chitasanduka mtundu wa tiyi wamkaka.

Mvula ikagwa, m'mawa mwake ankavala chikhoticho n'kuyamba kuzungulira mudzi. M'thumba munkakhala kabotolo kaja ka mankhwala a m'maso, koma mkati mwake munali mafuta a nsatsi oyenga okha, osakaniza ndi sopo pang'ono. Ankayendera zithaphwi, nkhuti zimene anthu akumbamo dothi la njerwa, mabwato akale otayidwa pamchenga, ndi ngalande ya kuseri kwa mzikiti kumene kumapita madzi otawazira, aja anthu amasamba asanapemphere. Akafika ankanyonyomala, n'kudontheza dontho limodzi, pena awiri, kenaka n'kukhala duu kuyang'ana madziwo ngati akudikira yankho. Masiku amenewo anthu ankangowaseka. Anawapatsa dzina loti a Kadontho, iwo n'kumavomera bwinobwino.

Ine ndinakulira pafupi ndi beseni lija. Amalume ankati madzi ali ndi khungu, ndipo ukawayang'ana mokayikira ankatenga singano n'kuigoneka mosamala pamwamba pa madzi, singano n'kuyandama. Ankati khungu limenelo ndi limene mphutsi za udzudzu zimakolowekapo kamwa kawo kopumira, n'kumalendewera chamutu pansi. Ukalifooketsa khungulo, mphutsi zimasowa pogwira, zimamira, ndipo udzudzu sutuluka.

Za sopo ankazifotokoza ngati akunena za abale awo. Ankati sopo ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene kusukulu amati mamolekyu, ndipo kalikonse kali ndi mutu ndi mchira ngati mbululu. Mutu umakonda madzi, mchira umadana nawo. Ndiye tikagwera pamadzi timaimirira, mitu m'madzi, michira m'mwamba, phewa ndi phewa, mzere umodzi wokha basi. Ankati taganiza za amuna pa swala, mapemphero a kumzikiti aja, Lachisanu: aliyense amagundana phewa ndi mnzake, koma palibe woima pamutu pa wina. N'chifukwa chake dontho limodzi limayala chithaphwi chonse. Ankawonjeza kuti pamwamba pakadzaza ndiye kuti padzaza. Obwera mochedwa amasowa poima, amalowa pansi n'kukumbatirana timagulu, michira ataibisa mkati, ndipo pamwamba sipasinthanso kanthu ngakhale uthire botolo lonse. Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri, mpaka ndinkawamalizira ndekha iwo asanamalize.

Kuti tione ndi maso, ankawaza phulusa pamwamba pa madzi a m'beseni, n'kutidonthezera kadontho pachala kuti tikhudze pakati. Phulusa lonse linkathawira m'mbali nthawi yomweyo, pakati n'kutsala bwalo la madzi oyera. Ankati phulusalo silikuthawa chala, likukankhidwa ndi tinthu tija pamene tikuthamangira kupeza poima. Ndikafuna kubwereza ankandigwira dzanja. Kaye utaye madziwo, utsuke beseni, utunge ena.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Amalume anali munthu wovuta, wosadziwa kuti mawu ena amafunika kuwathira shuga. Anyamata a maboti a injini atayamba kutengera n'kumathira oyilo wakuda m'zithaphwi, anawathamangitsa ndi ndodo, amvekere oyiloyo akupha achule ndi nthaka yomwe, iwo sanaphunzitse zauve zoterozo. Ndi amayi anga ankakangana pa nkhani ya sopo waufa pafupifupi sabata iliyonse. Amayi ankathira wodzaza dzanja kuti thovu lichuluke, amalume n'kumati thovu silichapa, ndi kuwononga chabe. Amayi ankawayankha kuti tsiku limene adzachape malaya awo okha ndi limene adzalankhule. Shehe amene anadzawanyamula uja anakhalapo nawo mwezi wathunthu osalankhulana, chifukwa amalume ananena pagulu kuti ngalande ya kumzikiti ikuweta udzudzu wambiri kuposa dambo. Zinali zoona, koma ananenera pa Lachisanu, alendo a ku Chinguluwe ali pomwepo.

Chifukwa chimene ankachitira zonsezi sanandiuzepo. Ndinachimva kwa amayi. Amalume anali ndi mwana mmodzi yekha, Zainabu, amene anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zinayi, iwo ali kuntchito ku boma. Uthenga unawapeza akutsuka mabotolo. Banja lawo silinachedwe kutha pambuyo pake, ndipo sanakwatirenso. Dzina la Zainabu sindinalimvepo pakamwa pawo, koma akaona mwana wamng'ono akusewera pafupi ndi chithaphwi nkhope yawo inkasintha.

Chaka chimene zinaipa, amayi anali atamwalira kale, ndipo ine ndinali nditangokwatiwa m'mudzi momwemu, ndili ndi pakati poyamba pa miyezi isanu ndi iwiri. Mvula inachuluka. Alamu anga a Hawa, alongo awo a amuna anga, anali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu dzina lake Amina. Mwanayo anatentha thupi Lolemba, Lachitatu anayamba kukomoka, ndipo anamwalira ali pa njinga yamoto, chipatala asanafike. Wina anakumbukira kuti Lamlungu anaona a Kadontho atanyonyomala pankhuti ya kuseri kwa nyumba ya a Hawa, akudontheza zinthu. Wina anati bakha wake anafanso sabata yomweyo. Pamaliro nkhaniyo inkayenda monong'ona, ndipo pofika tsiku lachitatu inali itamera miyendo.

M'mawa wa tsiku limenelo anthu anapita kunyumba kwa amalume. Patsogolo panali a Bwanali, bambo ake a Amina, maso ali psuu ndi kulira. Ine ndinali m'gulu lomwelo, pambali pa apongozi anga aakazi, chifukwa malirowo anali a kubanja kwa amuna anga ndipo kutsala kukanaoneka ngati ndasankha mbali. Tinawapeza amalume pakhonde akupopa njinga.

A Bwanali sanapereke salamu. Anati, "Madala, mutiuze. M'kabotolo kanuko muli chiyani?"

"Mafuta a nsatsi ndi sopo, bambo," anayankha amalume. "Pepani ndi zimene zakugwerani. Mwanayo ndinkamudziwa."

"Nanga kuseri kwa nyumba yanga mumafunako chiyani?"

"Udzudzu. Munkhuti muja munali mphutsi zosayamba. Ndinachedwa nazo, ndikanabwera sabata yapitayo."

Mawu oti ndinachedwa anthu anawamva mwa njira yawo, ndipo phokoso linakwera. Amalume anatulutsa kabotolo n'kudonthezera palilime pawo kuti tione kuti si poizoni. Mayi wina kumbuyo anati mwini mankhwala sangafe ndi mankhwala ake. Apa m'pamene amalume anaganiza zochita chinthu chimene ankachidziwa bwino kuposa china chilichonse, kuphunzitsa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi beseni lija, anakhuthuliramo madzi onse amene anali mundowa, anatapa phulusa pambaula n'kuwaza pamwamba.

"Taonani bwino," anatero. "Palibe zamatsenga apa."

Anadontheza pachala n'kukhudza pakati pa madzi. Phulusa linathawira m'mbali monga mwa masiku onse. Anthu anabwerera m'mbuyo onse pamodzi, ena mpaka kupondana. Mayi uja anati, "Mwaona? Ndi phulusa lomwe likuwathawa."

Amalume anaseka kaseko kamantha. "Ayi, ayi, si ine. Aliyense angathe. Bwerani muyese."

A Bwanali ndimawapatsa ulemu mpaka lero, chifukwa pa gulu lonselo ndi okhawo analimba mtima. Anapita, anatambasula chala, amalume anawadonthezera, n'kuwazanso phulusa lina pamadzi omwe aja. A Bwanali anakhudza. Phulusa silinasunthe. Anakhudzanso kachiwiri, kachitatu, mpaka kuviika chala chonse. Phulusa linangoti duu.

Ine ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika. Pamwamba panali patadzaza kale ndi dontho loyamba lija, ndipo la a Bwanali linasowa poima. Munthu amene anandigwira dzanja kambirimbiri kuti ndiyambe ndasintha madzi, tsiku limenelo mantha anamuiwalitsa.

Anazindikira nawonso. Anagwira pamutu n'kunena kuti, "Aa, ndalakwitsa ndine. Madziwa adzaza kale. Tisinthe madzi, muona." Anasuzumira mundowa, munali mouma. Ndiye maso awo anayendayenda m'gulumo mpaka anandipeza.

"Asiyatu, mwana wa mlongo wanga. Iwe ukuzidziwa izi. Takatunga madzi pamjigopo, udzakhudze ndi chala chako, anthuwa aone."

Mjigo unali pafupi, woonekera pakhonde pomwepo. Ndinamva dzanja la apongozi likugwira chitenje changa kumbuyo. Sanakoke, anangogwira. Anandinong'oneza kuti, "Muli ndi pakati inu. Musakhudze zimenezo." Ndinayang'ana a Hawa, amene anali atangoika mwana wawo m'manda. Ndinaganiza za amene anali m'mimba mwanga, ndi zimene anthu adzanene akadzabadwa ndi chilema kapena akadzapitirira. Ndinaganizanso kuti phulusa likathawa chala changa, adzati mfitiyo inaphunzitsa mwana wa mlongo wake. Ndinazolika nkhope.

"Ndowa imodzi yokha, mama," anateronso amalume, motsitsa mawu.

Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma tsiku limenelo chala chimodzi chikanakwana. Sindinasunthe phazi. Amalume anadikira pang'ono, kenaka ananyamula ndowa okha kupita kumjigo. Wina anati madzi otunga iwo omwe atithandiza chiyani, ndipo anthu anayamba kubalalika. Apongozi ananditsogoza. Nditacheuka pokhota njira, ndinawaona akubwera ndi ndowa yodzaza, madzi akutayikira pachikhoti, pabwalo palibe munthu.

Sanamenyedwe. Anyamata ena ankafuna kukatentha nyumba, koma shehe anawaletsa, ndipo anakhala pakhonde la amalume masana onse atatu otsatira, ngakhale kuti nkhani ya ngalande ija inali isanathe. Chimene mudzi unachita chinali chachete. Salamu zinasiya. Amayi a m'mudzi ankachotsa ndowa zawo pamzere amalume akafika pamjigo. Ogulitsa usipa kudoko ankawauza kuti wathera, uli pathandala poonekera. Amuna anga anandiuza kuti kumzikiti, poima pa swala, amuna ankasiya mpata mbali zonse ziwiri za amalume, woti munthu n'kudutsapo. Shehe ankati tsekani mzere, anthu n'kusendera pang'ono, koma phewa la amalume silinagundanenso ndi la munthu. Amalume sanasiye kupita, kasanu patsiku, zaka zonse zisanu ndi zinayi.

Zoyendera zithaphwi anasiya, poti atangoyesa kamodzi anaponyedwa miyala. Malungo sanasiye. Mwana aliyense akadwala, anthu ankati a Kadontho akubwezera.

Mwina wina angafunse kuti bwanji sindinachite tsiku lina. Ndadzifunsa ndekha kosawerengeka. Poyamba ndinkati ndidikire ndibereke. Nditabereka ndinati mwana ayambe wakula. Tsiku lina ndinawauza amuna anga kuti ndikufuna kuitana a Bwanali ndi a Hawa ndiwaonetse ndi beseni langa, iwo anati ndisatokose bala la anthu, nkhaniyo izizira yokha. Ndinavomera msanga, ndipo kufulumira kwa kuvomerako kumandichititsa manyazi mpaka pano. Chaka chilichonse chimene chinkadutsa, funso loti unali kuti nthawi yonseyi linkakula, ndipo ine ndinkalithawa. Ndinkangowatumizira ndiwo mobisa, ndi kukawaona apongozi akapita ku Chitala kwa abale awo.

Pa maulendo onsewo amalume sanatchulepo za m'mawa uja. Ankandilandira ngati kale, n'kundidzudzula kuti ndiwo zachuluka mchere. Funso lawo linali limodzi nthawi zonse, ngati mwana wanga akugona mu neti, ndiponso ngati netiyo ilibe mabowo. Mwanayo sanamunyamulepo. Sanapemphe, ndipo ine sindinapite nayeko.

Ulendo womaliza ndinawapeza atagona pamkeka, chifuwa chitawatha, mapazi atatupa. Ndinakhala pafupi nawo, ndipo ndinangokwanitsa kunena kuti, "Amalume, za tsiku lija."

Anandidula. "Wolakwa ndine, Asiyatu. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza ana a eni kuti yambani mwatsuka beseni. Ine mwini n'kuiwala. Iwe unali ndi pakati, ukanatani?"

Akanandikalipira bwenzi nditapepukidwa. Koma iwo anasenza mlandu wonse, ngakhale gawo langa, n'kupita nawo. Anapempha madzi akumwa, ndinawapatsa, anamwa pang'ono n'kutembenukira kukhoma. Anamwalira patatha masiku anayi.

Pa amuna asanu ndi awiri ananyamula jeneza aja, mmodzi anali a Bwanali. Sindikudziwa chimene chinawabweretsa, ndipo sindinawafunse. Dzulo pa sadaka anabweranso, anadya mpunga mwakachetechete, ananditsanzika ndi mutu n'kumapita. Ndinafuna kuwaitana kuti adikire pang'ono, koma ndinangowayang'ana akupita.

Lero m'mawa ndinapita kukatseka nyumba ya amalume. Njinga yatsamira khoma, matayala onse aphwa. Chikhoti chili pamsomali kuseri kwa chitseko, thumba lake lakumanja lakuda ndi mafuta. Udzu wayamba kumera panjira yopita kumjigo, poti palibe wina ankaiyenda. Beseni ndinalipeza panja, pansi pa denga pamene pamagwera madzi a mvula. Linali lodzaza, ndipo nditawerama ndinaona mphutsi za udzudzu zikulendewera pamwamba, zambirimbiri, m'beseni la a Kadontho.

Ndinataya madziwo. Ndinatenga ndowa yawo n'kupita kumjigo, ndipo ndinawerenga mapazi: makumi asanu ndi limodzi kupita, makumi asanu ndi limodzi kubwera. Ndinatsuka beseni kawiri monga ankafunira, ndinathira madzi, ndinatapa phulusa lozizira pambaula yawo n'kuwaza. Kabotolo kanali pawindo, katatsala ndi madontho ochepa pansi. Ndinadontheza pachala n'kukhudza pakati.

Phulusa linathawira m'mbali nthawi yomweyo, monga linathawira chala chawo. Ndinadzutsa mutu kuyang'ana pabwalo. Panali nkhuku ya eni ikupalasa pafupi ndi njinga, ndipo munthu woti aone panalibe.